Lamba wa mzere woyera: moyo wa Mayi Keiko Fukuda

Kumapeto kwa moyo wawo, Mayi Keiko Fukuda ankaphunzitsa judo atakhala pampando. Miyendo inali itatopa, mafupa ankaphwanya ndi nyamakazi, manja ankanjenjemera ndi matenda a Parkinson, ndipo mtima unali utachitidwapo opaleshoni. Koma katatu pa sabata ankafika ndithu ku kalabu yawo ya Soko Joshi, m'dera la Noe Valley mumzinda wa San Francisco ku America, atavala yunifolomu yoyera ya judo ndi lamba wofiira m'chiuno. Ankakhala m'mphepete mwa mphasa n'kumapenyetsetsa. Wophunzira akaponda molakwika, kapena akagwira mkono wa mnzake ndi mphamvu zopyola muyeso, diso la gogoyu silinkaphonya.

Anamwalira pa 9 Febuluwale 2013 ali ndi zaka 99, kutatsala miyezi iwiri yokha kuti akwanitse zaka 100. Anali mayi wamfupi, wa masentimita 150, ndipo akakwera pasikelo sankapitirira makilogalamu 45. Mwa anthu onse amene anaphunzira judo pamapazi pa mwiniwake woiyambitsa, a Jigoro Kano, iwo ndiwo anatsirizira kukhala ndi moyo. Pamphasa anakhalapo zaka zoposa 75.

Ambiri a ife masewera a kum'mawa tinawadziwira m'tinyumba toonetsera mavidiyo, momwe Bruce Lee ndi Jackie Chan ankauluka ndi mateche, ndipo zonsezo tinkangoziphatikiza n'kumati karate. Judo ndi ina. Pampikisano wake palibe chibakera, palibe theche. Anthu awiri amagwirana malaya, aliyense n'kumafunafuna mpata woti mnzake atsamire mbali imodzi mopitirira, kuti amugwetse chagada kapena amupanikize pansi. Chinthu choyamba chimene mlendo amaphunzitsidwa si kugwetsa munthu ayi, koma kugwa osavulala: chibwano pachifuwa, msana wopinda, dzanja likumenya mphasa kuti phaa, mphamvu ya kugwako imwazikire pansi. Eni ake amati ukemi. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa nkhani ya Mayi Fukuda simveka bwino kwa munthu amene akuganiza kuti masewerawa ndi a ndewu.

Nkhaniyi inayamba iwo asanabadwe, ndipo inayamba ndi ngongole. M'chaka cha 1877, mnyamata wina wa ku Tokyo, wochepa thupi, amene anzake kusukulu ankamuzunza, ankafunafuna womuphunzitsa jujutsu, luso lakale lomenyera nkhondo opanda chida. Nthawiyo ulamuliro wa asilikali achikale otchedwa samurai unali utangotha, ndipo lusoli linkaoneka ngati lachikale, moti akatswiri ambiri ankapeza chakudya polumikiza mafupa a anthu othyoka. Mnyamatayo anali Jigoro Kano. Amene anamulandira anali a Hachinosuke Fukuda, wolumikiza mafupa amene ankaphunzitsa jujutsu ya mtundu wa Tenjin Shinyo-ryu m'kachipinda kakang'ono pafupi ndi pomwe ankachiritsira anthu. Kaphunzitsidwe kawo sikanali ka mawu ambiri. Ankamugwetsa wophunzira, iye n'kudzuka, n'kumugwetsanso, mpaka thupi litamva lokha.

Patangotha zaka ziwiri, mu 1879, mphunzitsiyo anamwalira. Mkazi wawo anatenga mipukutu momwe munalembedwa zinsinsi za sukuluyo n'kuipereka m'manja mwa Kano, mnyamata amene anali asanakwanitse ndi zaka 20 zomwe. Iye anapitiriza kuphunzira kwa akatswiri ena awiri, ndipo mu 1882 anatsegula sukulu yake pa kachisi wa Eisho-ji, pa mphasa 12 ndi ophunzira 9. Anaitcha Kodokan. Pa dzina lakale lija anachotsa liwu loti jutsu, lomwe ndi luso chabe, n'kuikapo do, kutanthauza njira ya moyo. Liwu loti ju analisunga. Limatanthauza kufewa kapena kugonjera, monga bango la kudambo limawerama madzi osefukira akamadutsa, kenako n'kuimanso chilili, pamene mtengo wouma gwa wapita ndi madzi. A Kano anasiya mfundo ziwiri zimene wa judo aliyense amaloweza: kugwiritsa ntchito mphamvu za thupi ndi za maganizo mosamwaza, ndiponso kuti iwe ndi mnzako mupindule nonse.

Sukulu inakula, a Kano anatchuka, mpaka mu 1909 anakhala munthu woyamba wa ku Asia kulowa m'komiti yoyendetsa masewera a Olimpiki padziko lonse. Koma mphunzitsi wawo woyamba uja sanamuiwale. Mu 1934, pa chikondwerero chokumbukira kuti Kodokan yadutsa zaka 50, anaitana mabanja a aphunzitsi awo akale kuti awathokoze. Ku banja la a Fukuda kunali mdzukulu wamkazi, Keiko, wobadwa pa 12 Epulo 1913, amene agogo akewo sanawaonepo ndi maso. A Kano anamupempha okha kuti adzalowe m'gawo la amayi, lomwe anali atalikhazikitsa mu 1926. Chimene anapatsidwa ndi agogo, anafuna kuchibweza kwa mdzukulu.

Mtsikanayu analeredwa monga ankalerera ana aakazi a m'mabanja olemekezeka ku Japan: kulemba zilembo ndi burashi, kukonza maluwa m'miphika, kuphika ndi kupereka tiyi mwamwambo. Zonsezi zinali zomukonzekeretsa banja. Iwo eni anadzafotokoza pambuyo pake kuti tsiku loyamba kuona amayi akuchita judo anadabwa kwambiri, poona akazi akutangadza miyendo ndi kugwetsana mwamphamvu, zinthu zimene mwana wamkazi wamwambo sankayenera kuchita. Komabe mu 1935 analembetsa, n'kukhala mmodzi mwa amayi 24 okha amene ankaphunzira pa Kodokan nthawiyo. Mayi awo ndi mlongo wawo anavomera, poganiza kuti kumeneko akapezako mwamuna wa judo. Mkulu wina wa kubanja anakana kwamtuwagalu.

Mwamuna anapezeka ndithu, mwa njira ya nthawiyo yoti akuluakulu ndiwo amakonza ukwati. Koma zitadziwika kuti akakwatiwa ayenera kusiya judo, Keiko anakana, ndipo sanakwatiwe moyo wawo wonse. Nkhani imeneyi anthu amakonda kuikamba mopepuka, ngati kuti chinali chisankho chosavuta cha munthu wolimba mtima. Mu kanema wofotokoza moyo wawo, Mrs. Judo, amene anajambula Yuriko Gamo Romer n'kutuluka mu 2012, gogo wa zaka za m'ma 90 akukumbukira za chisankhochi ndipo misozi ikulengeza m'maso. Ine ndikaona misozi imeneyo ndimaona munthu amene anadziwa bwino mtengo wa chimene anasiya. Amuna anzawo a pa Kodokan palibe amene anauzidwa kusankha pakati pa banja ndi mphasa.

Ndi a Kano anakhala zaka zitatu zokha. Mkuluyo anamwalira pa 4 Meyi 1938 m'sitima ya pamadzi ya Hikawa Maru, akuchokera ku msonkhano wa komiti ya Olimpiki ku Cairo. Apa n'kuti Keiko atayamba kale kuphunzitsa, mu 1937, ndipo anapitiriza kusulidwa ndi a Kyuzo Mifune, katswiri wochepa thupi ngati iwo, amene ankagwetsa zimphona ngati akuvina. Anapezanso digiri ya zolembalemba za Chijapani pa Showa Women's University. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itafika pachimake, ndege za America zikuthira moto pa Tokyo mu 1945, iwo ankadutsa m'misewu ya mabwinja kupita kukaphunzitsa.

Kuti timvetse chimene ankaphunzitsa, tiyenera kuima pang'ono pa ju-no-kata, chifukwa apa ndi pamene panagona mtima wawo. Judo ili ndi njira ziwiri zophunzirira. Ina ndi randori, kugwirana momasuka, aliyense kuyesa nzeru zake. Ina ndi kata, mayendedwe okonzedweratu amene anthu awiri amabwereza mwandondomeko, wina ngati woukira wotchedwa uke, wina ngati woyankha wotchedwa tori. Amayi a pa Kodokan sankaloledwa kuchita mipikisano, choncho nthawi yawo yambiri inkathera pa kata. Amene anawatsekera khomo la mpikisano sanadziwe kuti akuwasandutsa osunga nkhokwe.

Ju-no-kata anaikonza a Kano mu 1887. Ili ndi mayendedwe 15, m'magulu atatu a asanuasanu, ndipo yonse imachitika pang'onopang'ono ngati anthu akuyenda m'madzi ofika m'khosi. Taonani koyambirira kwake. Awiriwo awerama kupatsana ulemu. Uke atambasula dzanja lamanja, zala zitaongoka, n'kuyamba kusendera kutsogolo, zalazo zikulunjika pakati pa maso a mnzake. Tori satchinga, sakankha. Angopotoloka pang'ono, dzanja lija lidutsa, iye aligwira pamkono n'kuliperekeza komwe limapita kale. Uke ayesa kutembenuka kuti abweze, tori atembenuka naye, mpaka uke apezeka wapendekera chagada, waima ndi zidendene, alibenso pogwira. Pamenepo amenya pantchafu pake ndi dzanja, kusonyeza kuti wagonja, ndipo tori amubwezera bwinobwino pamapazi ake. M'mayendedwe ena tori amasenza mnzake pamsana kapena pachiuno, miyendo ya uke n'kuloza kumwamba itaongoka ngati nsungwi, n'kukhala choncho kamphindi. Aliyense woonera amadziwa kuti kungopendeketsa phewa pang'ono munthuyo wagwa. Koma sagwetsedwa. Amatsitsidwa mofatsa.

Mu kata yonseyi mulibe kugwetsa ngakhale kamodzi, ndipo sagwirana malaya, n'chifukwa chake itha kuchitika popanda yunifolomu ngakhale popanda mphasa. Wachinyamata wothamanga magazi amaiona ngati yotopetsa. Koma kuchedwa kwakeko ndi kumene kumaulula chinyengo chonse. Pothamanga, munthu wamphamvu amabisa kulakwitsa kwake ndi minofu. Pang'onopang'ono, ngati sunamuchotse mnzako pa mapazi ake moyenera, sungamunyamule, ngakhale utatukumula mitsempha ya m'khosi. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Mayi Fukuda anadekha pa mayendedwe 15 amenewa kwa moyo wonse, nkumanenabe atakalamba kuti tanthauzo la kufewa analimvetsa mochedwa. Pa masewera a Olimpiki a ku Tokyo mu 1964, pamene judo ya amuna inalowa koyamba, iwo ndi mnzawo Masako Noritomi ndiwo anaonetsa ju-no-kata pamaso pa dziko. Mendulo zinali za amuna, amayi anangopatsidwa mpata woonetsa.

Tsopano tifike pa lamba. Mu judo, munthu akafika pa lamba wakuda amayamba kukwera masitepe otchedwa dan, kuyambira woyamba mpaka wa 10. Amayi a ku Japan lamba wawo wakuda ankakhala ndi mzere woyera pakati, kuchokera kunsonga kukafika kunsonga, kuti aliyense adziwire patali kuti uyu ndi wa gawo la akazi. Mayi Fukuda anafika pa dan wachisanu mu 1953, ali ndi zaka 40. Pamenepo anaima. Sikuti luso linatha kapena kuti anafooka, koma lamulo la Kodokan silinkalola mkazi kupitirira apo. Chaka ndi chaka amuna amene anayamba judo pambuyo pawo ankawadutsa n'kumakakhala kumtunda pa mzere wa ulemu. M'dziko limene malo okhala ndi kuya kwa kuwerama zimatsata udindo, chimenecho sichinali chinthu chaching'ono. Anakhala pa sitepe imeneyi zaka 19.

Pali anthu amene amati munthu wodzichepetsa ngati ameneyu za malamba analibe nazo ntchito. Ine sindivomereza, ndipo iwo eni sanabise kuti Kodokan inali yachikale pa nkhani ya akazi. Kudzichepetsa kwa wolakwiridwa sikufafaniza kulakwa kwa wolakwira. Dan si chokongoletsa m'chiuno chabe. Ndiye amanena amene angayese ena mayeso, amene angakweze ophunzira, amene mawu ake amveke pa bwalo la akuluakulu. Kumuimitsa mphunzitsi pa sitepe yachisanu kunali kuimitsanso atsikana onse amene anali pambuyo pake.

Khomo linatsegukira kutsidya la nyanja. Mu 1953 momwemo kalabu ina ya judo ya ku Oakland, m'chigawo cha California, inawaitana, ndipo anakhalako pafupifupi zaka ziwiri. Anabwereranso ku America mu 1966, ali ndi zaka 53, msinkhu umene ambiri amayamba kuganiza zopuma. Ataonetsa luso lawo pa Mills College, yomwe nthawiyo inali koleji ya atsikana ku Oakland komweko, akuluakulu a sukuluyo anawapatsa ntchito, ndipo anaphunzitsapo kuyambira 1967 mpaka 1978. A Kano ankalimbikitsa ophunzira awo kupititsa judo kumaiko akunja, ndipo Mayi Fukuda anautenga ngati mwambo wa bambo womwalira, wosati n'kuuphwanya. Anakaphunzitsanso ku Australia, Canada, France, Norway ndi Philippines.

Ku California anakumana ndi Shelley Fernandez, wophunzira wawo amene anali mtsogoleri m'bungwe lomenyera ufulu wa amayi la National Organization for Women. Mayiyu anawatenga kukakhala nawo kunyumba kwake ku Noe Valley, ndipo anakhalira limodzi zaka zoposa 40, mpaka imfa. Atamva kuti mphunzitsi wake waima pa dan wachisanu chifukwa choti ndi mkazi basi, sanakhale chete. Anayambitsa kampeni yolemba makalata opita ku Kodokan. Mu Novembala 1972 lamulo lija linagwa, ndipo Mayi Fukuda pamodzi ndi Masako Noritomi anakhala akazi oyamba kulandira dan wachisanu ndi chimodzi. Ndimaona kuti apa anthu awiri osiyana anathandizana bwino. Wina analeredwa kuti mkulu sayankhidwa, wina anazolowera kugogoda pa zitseko za maofesi mpaka zitseguke. Kufatsa kokha kukanadikira mpaka manda, komanso makalata aja sakanalemera kanthu pakanapanda zaka 37 za ntchito imene palibe akanaitsutsa.

Zaka zotsatira zinali za kumanga. Mu 1973 anatulutsa buku lophunzitsira amayi kata, Born for the Mat, ndipo anatsegulanso kalabu ya Soko Joshi. Soko ndi dzina limene Ajapani akale ankatchulira San Francisco, joshi ndi akazi. Mu 1974 anayambitsa msasa wa chaka ndi chaka womwe amayi a judo ochokera m'madera osiyanasiyana ankasonkhana kudzaphunzira limodzi, ndipo pambuyo pake anakhazikitsanso mpikisano wa kata wodziwika ndi dzina lawo. Ophunzira ankawatcha sensei, liwu limene timalimasulira kuti mphunzitsi koma kwenikweni limanena munthu amene anatsogola kubadwa. Kwathu kuno tikanati nankungwi, mayi amene saphunzitsa mayendedwe okha koma kakhalidwe. Mwambi wawo umene ankaubwereza kwa atsikana unali woti akhale olimba, ofatsa ndi okongola, m'maganizo ndi m'thupi momwe, ndipo kukongola ankanenako sikunali kwa pagalasi.

M'zaka zomwezo judo ya amayi inkamenyanso nkhondo ina, yofuna kulowa m'mipikisano. Amene anaitsogolera anali Rusty Kanokogi wa ku Brooklyn, amene anakonza mpikisano woyamba wa amayi wa dziko lonse ku Madison Square Garden mumzinda wa New York mu 1980. Ku Olimpiki ya ku Seoul mu 1988 amayi anapikisana mongoonetsa, ndipo ku Barcelona mu 1992 anayamba kulandira mendulo zenizeni. Njira ya Mayi Fukuda inali ina, ndipo sindikuona chifukwa chosankhira imodzi n'kutaya inzake. Judo itasanduka masewera a pa wailesi yakanema, a masikelo, mawotchi ndi mapointi, makalabu ambiri anayamba kuiona kata ngati chinthu choloweza mwachangu mayeso a lamba akayandikira. Pa nthawi imeneyo m'kachipinda ka ku Noe Valley munali munthu amene anaona ndi maso ake mmene a Kano ankafunira kuti zichitikire, ndipo akatswiri a malamba apamwamba, amuna ndi akazi omwe, ankayenda maulendo ataliatali kudzakonzedwa phazi ndi iye.

Ulemu unabwera, koma unkabwera ngati mvula ya kumapeto kwa dzinja, mbewu zitakhwima kale. Mu 1990 boma la Japan linawapatsa mendulo ya Order of the Sacred Treasure. Mu 2001 bungwe la United States Judo Federation linawakweza kufika pa dan wa 9. Kodokan inatsatira pa 8 Januwale 2006, iwo ali ndi zaka 92, ndipo anakhala mkazi woyamba kulandira dan wa 9 kuchokera kumeneko. Pa mwambo womwewo amuna atatu, a Toshiro Daigo, a Ichiro Abe ndi a Yoshimi Osawa, analandira dan wa 10. Atatu onsewa anabadwa m'zaka za m'ma 1920, ndipo pamene Mayi Fukuda ankayamba kuphunzitsa pa Kodokan iwo anali anyamata a sukulu.

Dan wa 10 anadzachokera ku America. Pa 28 Julaye 2011 bungwe la USA Judo linawapatsa sitepe yomalizayi ali ndi zaka 98, ndipo United States Judo Federation inachitanso chimodzimodzi chaka chomwecho. Palibe mkazi wina amene anafikapo pamenepo iwo asanatero. Atalandira anapitiriza ndondomeko yawo ya katatu pa sabata, pampando womwe uja. Kodokan, sukulu imene inamera pa mipukutu ya agogo awo, imene anaitumikira kuyambira ali mtsikana, yapereka dan wa 10 kwa anthu 15 m'mbiri yake, onse amuna. Mayi Fukuda anamwalira asanawerengedwe m'gulu limenelo.

Mzere woyera uja unakhalitsa kuposa iwo. Bungwe loyendetsa judo padziko lonse linauletsa m'mipikisano yake mu 1999, koma ku Japan kwenikweniko atsikana anapitiriza kuumanga m'chiuno. Bungwe la judo la dzikolo linauchotsa mu 2017, patatha zaka zinayi Mayi Fukuda atamwalira.